Utoto Wofiira Pamutu pa Zasintha

1. Galu waluma mwana

Zasintha analuma Madalo Loweruka m'mawa, chisanu cha Juni chisanachoke m'mafupa.

Banja lonse la a Jeremiya linali m'chigafa kusankha fodya. A Jeremiya anali tenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mitundu, ndipo lole yotenga mabelo kupita nawo ku okushoni inali kubwera madzulo a tsiku lomwelo. Mpata wokanda m'mutu panalibe. Amake Edina ankapatula masamba, a Jeremiya ankapanikiza belo ndi jeke, Edina ankamanga timitolo. Edina ndiye anali mwana woyamba, mtsikana wa Sitandade 8, wamakani ngati bambo ake omwe.

Madalo, mng'ono wake wa zaka zisanu, analibe ntchito. Anatuluka ndi kachidutswa ka mbatata yootcha kuti akagawireko galu.

"Mayo! Amama! Mayo ine!"

Onse anataya fodya n'kuthamangira panja. Anapeza Madalo ali khale pansi, atagwira dzanja, magazi akudontha pakati pa zala. Zasintha anali atalowa pansi pa nkhokwe. Ankayang'ana anthu ndi maso ofiira psu, dovu likutsika kukamwa.

Zinali zodabwitsa, chifukwa galu ameneyu anali wamantha mochititsa manyazi. Nkhuku yofungatira inkamuthamangitsa bwalo lonse. Madalo ankamukwera pamsana, kumukoka makutu, iye n'kumangopukusa mchira.

A Jeremiya anatembenuza kadzanja kaja.

"Mano awiri okha. Wamuponda mchira iwe."

"Sindinamuponde, ababa! Ndimangomupatsa mbatata."

"Basi tonthola. Mwayi wake galuyu anabayidwa katemera wa chiwewe. Si choncho, Edina?"

"Eya, ababa," anayankha Edina, akuyang'ana pansi.

Anakokera mkono wa juzi yake mpaka kuzala. Pansi pa juziyo panali kabala kake. Sabata yapitayo Zasintha anamuluma iyenso pamkono pomupatsa chakudya, koma sanauze munthu.

Mayi Maria, a nyumba yoyandikana nayo, anafika akumanga nsalu. Mayi amenewa sankasowa pamene pagwa nkhani, ndipo matenda onse a padziko anali ndi mankhwala ake m'mutu mwawo.

"Musavutike, anzanga. Galu akaluma, mankhwala ndi ubweya wake womwe. Ife takula nazo zimenezi."

Anatola ubweya pachiguduli chimene Zasintha ankagonapo, n'kuuwotcha paphale. Phulusa lake analitikita pabala. Madalo anakuwa mpaka mawu kusasa, kenaka anamumanga kansanza.

"Kodi kuchipatala osapita naye, bambo a Edina?" anafunsa amake Edina.

"Lole ikubwera lero, amake Edina. Tikaiphonya, fodya wathu agona mpaka liti? Galu wobayidwa alibe vuto. Tiyeni pantchito."

Anabwerera m'chigafa. Edina kamtolo kamodzi anakamanga n'kukamasula, kukamanga n'kukamasula. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti Zasintha sanalawepo jakisoni chibadwire.

2. Mmene galuyo anabwerera

Edina anamutola chaka chatha kuseri kwa msika wa Mitundu, ali kagalu kanthata konjenjemera m'ngalande. Nthawi imeneyo dziko linali litangovotera zipani zambiri, ndipo pakamwa pa aliyense panali mawu akuti ufulu. Ana a sukulu ndiye anawalowetsa paliponse, ngakhale pokana kusesa.

Tsiku limenelo a Jeremiya anamukhazika pansi.

"Edina, tayang'ana nyumba tikukhalayi. Si yathu. Munda si wathu. Chimanga tikudyachi ndi phoso, a kapitawo amachita kuyeza m'chitini powerenga mitu ya anthu. Mutu wa galu sauwerenga. Ndiye kanthu kakoka kazidya chiyani? Ine ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito yosamala maluwa kunyumba ya bwana wina m'tauni. Galu wake ankadya nyama yogula, ine ndikudyera masamba. Anali ndi bulangete lake, sopo wake, dokotala wake. Akatsokomola pang'ono, galimoto imalira. Galu ndi wa anthu okhuta, mwana wanga, anthu okhala m'mipanda. Wosauka akaweta galu, galuyo amasanduka wakuba. Lero waba mazira kwa a Maria, mawa wanyambita mphika wa a kapitawo, mkucha tili pamlandu. Komanso galu sadwala yekha. Akatenga matenda kuthengo amabwera nawo pakhomo, pamene pakusewera mng'ono wako. Ife ndife alendo kuno, kwathu ndi ku Phalombe. Tikalakwa sationa nkhope, amangotiloza msewu. Kabweze komwe wakatola."

Mwana wina akanangoti chabwino. Koma Edina, ha!

"Ababa, zinthu zasintha. Masiku ano aliyense ali ndi ufulu. Kodi wosauka saloledwa kukonda kanthu?"

A Jeremiya anaseka mpaka kutsokomola.

"Tamverani, amake Edina! Pakhomo pano pabadwa phungu. Chabwino, mayi phungu, galu wanuyo dzina lake ndi Zasintha. Koma undimvetse bwino. Azidya pambale yako, osati ya Madalo. Chingwe ndi chako. Katemera ndi wako. Tsiku limene adzalakwe sindidzafunsa galu, ndidzafunsa iwe."

Tisamunamizire Edina, mawu ake anawasunga. Chakudya chake ankachigawa pakati. Akaweruka kusukulu ankadzera kuchigayo kukasesa, eni ake n'kumupatsa madeya. Nthata ankazichotsa ndi zala imodziimodzi. Zasintha anakula, ubweya n'kusalala, ndipo m'mawa uliwonse ankamuperekeza mpaka pamlatho n'kumudikira pomwepo masana. Usiku akauwa, akuba fodya ankadutsa chigafa cha a Jeremiya n'kukayesa kwina. Ngakhale a Jeremiya anayamba kumuponyera timafupa ta usipa akaganiza kuti palibe akuwaona.

Edina analakwa tsiku limodzi lokha.

3. Tsiku la katemera

Chisankho chili pafupi, alangizi a ziweto analengeza kuti agalu onse apite kudipi kukabayidwa katemera waulere. Galu aliyense wobayidwa ankamupaka utoto wofiira pamutu kuti adziwike.

Edina ananyamuka m'mawa, Zasintha ali pachingwe. Atafika pamphambano anapeza lole itaima, itadzaza atsikana ndi amayi akuimba mpaka fumbi kobo.

"Edina, kwera! Ku Nathenje kuli msonkhano wa chipani. Akugawa nsalu, mwanawe, nsalu zatsopano!"

Edina anali asanakhalepo ndi nsalu yakeyake. Zonse zimene ankavala zinali zotha za amayi ake. Anayang'ana njira ya kudipi, anayang'ana lole. Dalaivala analiza huta. Basi, anakokera Zasintha patchire, n'kumumangirira kumtengo wa msuku.

"Undidikire pompano. Ndibwera msanga, tikapezabe mzere."

Msanga wake uti? Olankhula anachedwa, magule anachuluka, ndipo nsalu anagawa dzuwa litapendeka. Edina analimbana m'chipwirikiti mpaka anaipeza yake. Kumeneko anakumananso ndi Najma, mnzake wa m'kalasi, amene ankathandiza azakhali ake kugulitsa zitumbuwa.

Pobwerera anathamangira kumsuku kuja. Ali chapatali anaima. Pafupi ndi mtengo panali nkhandwe, masanasana, ikuyenda modzandira ngati yoledzera. Nkhandwe imathawa munthu, koma iyi inangomuyang'ana, dovu lili chuchuchu. Edina anaigenda ndi miyala mpaka inalowa m'udzu.

Zasintha anali atazunguliza chingwe kumtengo poyesa kuthawa. Khutu linali litang'ambika, mwendo wakutsogolo uli magazi okhaokha. Atamuona Edina anapukusa mchira.

Kudipi anali atatseka kalekale.

Kunyumba, kuseri kwa chigafa, kunali chitini cha utoto wofiira umene a Jeremiya anapatsidwa kuti alembere manambala pa nsanamira. Edina anaviika chala n'kupaka pamutu pa galu. Nsalu anaipinda n'kuibisa m'denga la khitchini.

"Ohoo, wabayidwa," anatero a Jeremiya ataona chizindikiro. "Nanga khutuli?"

"Anamenyana ndi agalu ena pamzere."

"Wachita bwino, mwana wanga. Ndinkakukayikira."

Mawu amenewo anamuwawa Edina kuposa mbama. Nsalu ija sanaivalepo n'kamodzi komwe. Akanaivala pati?

4. Kusitolo kwa a Mwanjuma

Tibwerere ku Loweruka lija. Dzuwa litakwera, chingwe chosokera mabelo chinatha, ndipo a Jeremiya anatuma Edina ku Mitundu kuti akagule china kusitolo kwa a Mwanjuma, bambo ake a Najma.

Anapeza Najma akuyeza mchere, mphaka wawo wonenepa atagona pa thumba la mpunga.

"Iwe, nkhope yatani? Wadwala?"

"Zasintha waluma Madalo."

"Zasintha? Wamantha uja? Koma anabayidwa eti?"

Edina anagwedeza mutu kuvomera. Najma anasiya mchere n'kumuyang'anitsitsa.

"Taima kaye. Tsiku la katemera lija iwe unali ku Nathenje, ndinakugawira chitumbuwa ndine. Kudipi anapita naye ndani?"



A Mwanjuma anali kuseri kwa kauntala akudula sopo ndi waya. Anaika waya pansi, n'kukonza kofia yawo.

"Mwana wa a Jeremiya, bwera kuno. Galuyo akudya?"

"Ayi, bambo. Akungotafuna timitengo ndi miyala."

"Mawu ake?"

"Asintha. Akuuwa mosasa."

"Analumidwapo ndi chilombo?"

Apa Edina analephera kupirira. Anafotokoza zonse, za lole, za nkhandwe, za utoto, misozi ikugwera pakauntala. Za mkono wake zokha ndiye sananene. M'mutu mwake munali Madalo yekha.

A Mwanjuma analankhula motsitsa mawu.

"Ine ndinali ndi mng'ono wanga, dzina lake Sele. Ankagulitsa nyama ya mbuzi pamsewu ku Nathenje. Najma sanamuone. Tsiku lina galu wachilendo anamuluma pachidendene, kabala kakang'ono koti sungathe kukaloza. Anthu anamupaka phulusa la ubweya ngati lomwe mwapakalo. Bala linapola, tonse tinaiwala. Patapita nthawi anayamba kudandaula mutu ndi kutentha thupi. Kenaka anayamba kuopa madzi. Ukundimva, mwana iwe? Kuopa madzi! Ludzu likumupha, iye akupempha yekha, koma ukamubweretsera kapu khosi limakana, amakuwa n'kuigwetsa. Ngakhale malovu ake omwe ankalephera kumeza. Mnyamata wamphamvu, tinachita kumumanga ndi nsalu pakama, mayi athu akuona. Kuchipatala adokotala anatiuza kuti tikanabwera naye atangolumidwa, jakisoni akanamupulumutsa. Koma chiwewe chikafika poonekera, palibenso mankhwala, kaya ukhale wolemera bwanji. Tinamuika m'manda asanakwatire."

Najma anali atagwira pakamwa. A Mwanjuma anapitiriza.

"Bambo ako amati galu ndi wa olemera, ndinawamvapo akunena pompano. Ine sindivomereza. Ife pakhomo pathu galu sitiweta, ukudziwa, koma mphaka uyu ndi wanga, ndipo tsiku la katemera lija ndinatseka sitolo, ndinamuika m'thumba, ndinakaima pamzere kudipi anthu akundiseka. Iwe galu wako unamudyetsa bwino kuposa anthu ambiri a mipanda, ndinkakuona ndi madeya pamutu. Katemera anali waulere. Sanafune chuma. Anafuna miyendo yako ndi m'mawa umodzi, ndipo m'mawa umenewo unaugulitsa ndi nsalu. Zimenezo zapita. Tsopano wagwira zinthu ziwiri, galu ndi mng'ono wako, ndipo sungasunge zonse. Ukakhala chete bambo ako sakumenya, galu akhala ndi moyo masiku angapo, koma Madalo mudzamumanga pakama ngati Sele."

"Ababa andipha," ananong'ona Edina.

"Sakupha. Akalipa, mwina akukwapula, koma mawa udzuka. Ine ndikupita kukaitana a Maliro, alangizi a ziweto. Iwe thamanga, ukanene wekha ndi pakamwa pako ine ndisanafike. Tenga sopo uyu. Mukachotse phulusalo, mukatsuke balalo ndi madzi ambiri mpaka mikono itope, kenaka kuchipatala. Thamanga!"

Edina anatuluka liwiro. Chingwe chosokera mabelo chinatsala pakauntala.

5. Nsalu ya m'denga

Atafika, sanapite m'chigafa. Analowa m'khitchini, anakwera pamtondo, n'kusolola nsalu ija m'denga. Inali yakuda ndi mwaye m'mphepete.

M'chigafa anapezamo a Jones, kapitawo wa pa esiteti, akuona mabelo. Madalo anali atagona pachiguduli, kadzanja kali pachifuwa.

"Chingwe chili kuti?" anafunsa a Jeremiya.

Edina anagwada n'kuika nsalu patsogolo pawo.

"Ababa, tsiku la katemera ndinapita kukatenga ichi. Zasintha sanabayidwe. Ndinamumanga patchire, nkhandwe yodwala inamuluma. Utoto uja ndinapaka ndine, ndinatenga m'chitini chanu."

A Jeremiya anayang'ana nsalu, anayang'ana Edina, anayang'ana Madalo. Chitsulo cha jeke chinagwa m'manja mwawo.

"Kalanga ine, mwana wanga!" anakuwa amake Edina, n'kumutola Madalo. "Edina, iwe Edina, m'mawa muja unali pompano ukuona! Unakhala bwanji chete?"

"Ndinaopa, amama."

A Jeremiya anakweza dzanja. Edina anatsinzina kudikira mbama, koma sinafike. Atatsegula maso anaona bambo ake maso atadzaza misozi. Chibadwire anali asanawaonepo choncho.

"Ndinakuyamikira," anatero. "Ndinati wachita bwino, mwana wanga."

Analanda sopo m'manja mwa Edina. Amake Edina anabweretsa ndowa, n'kumasula kansanza kaja. Anatsuka phulusa lonse, Madalo akupalapata ndi kukuwa. Mayi Maria anasuzumira pakhomo n'kuyamba kunena kuti mankhwala akuwonongeka, koma a Jeremiya anangowaponyera diso limodzi, iwo n'kubwerera chafutambuyo.

"A Jeremiya, nanga mabelowa?" anafunsa a Jones. "Lole sidikira munthu. Mukaiphonya ine kwa bwana ndikanena chiyani?"

"Mukanene kuti mwana wanga walumidwa ndi galu wachiwewe. Fodya sawola lero, a kapitawo. Ndibwerekeni njinga."

A Jones anakanda chibwano, n'kuyang'ana kadzanja ka Madalo.

"Tengani. Ili pamthunzipo."

Amake Edina anayang'ana uku ndi uku kufuna chomuberekera mwana. Chimene chinali pafupi chinali nsalu ya ku Nathenje ija. Anaikutumula mwaye, anam'bereka nayo Madalo, n'kukwera kumbuyo kwa njinga. A Jeremiya anapalasa osacheuka.

"Edina," anaitana Madalo ali kumsana, "Zasintha musamumenye!"

Edina anathamangira kunkhokwe n'kusuzumira pansi. Munalibe kanthu, koma timitengo totafunatafuna.

6. Kudambo

A Maliro anafika pa njinga yamoto, a Mwanjuma ali kumbuyo. Anali munthu wamfupi, wosachedwa ndi moni.

"Galu ali kuti?"

Mayi wina anati anamuona akutsikira kudambo. Anthu anayang'anana. Kudamboko ndiye kunali chitsime cha matenanti onse, ndipo nthawi yoti amayi ndi ana azikatunga madzi inali itayandikira.

A Jones anaitana a Masautso, mlonda wa pa esiteti, kuti abwere ndi mfuti. Amuna anatola zibonga ndi makasu. Onse anatsikira kudambo, koma atafika anaima. Udzu unali wautali kuposa munthu, wowirira mpaka kutsidya.

"Tiwotche udzuwu," anatero wina.

"Zigafa zili pafupi, mukufuna kuwotcha fodya wa chaka chonse?" anakalipa a Jones.

"Tilowemo ndi zibonga."

"Asalowe munthu," anatero a Maliro. "M'menemo iye akuonani inu musanamuone. Ndimvereni bwino nonse. Galu ameneyu akafika madzulo ali moyo, aluma mbuzi, aluma agalu a m'midzi, aluma ana anu, ndipo chiwewe chiyenda mpaka ku Malingunde. Sachira, ndipo akuvutika kwambiri. Ayenera kutuluka yekha poyera. A Masautso, mukamuona musawombe mutu. Mutuwo ndiutumiza ku Lilongwe akaupime, kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Tsopano, mwini wake ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa Edina.

"Ndine," anayankha.

"Nthawi zina galu wotere amamvabe mawu a mwini wake, matenda asanamumalize. Ima kumbuyo kwanga kuno, usasunthe phazi. Muitane mmene umamuitanira masiku onse."

Edina anayang'ana a Mwanjuma. Iwo anangogwedeza mutu pang'ono. Kumtunda kunamveka ndowa zikulira, amayi ndi ana akutsika, a Jones akuwakuwira kuti abwerere.

Edina anapukuta misozi ndi juzi. Analiza kaluzu kake ka pamlatho, kamene ankaliza tsiku lililonse akaweruka kusukulu.

"Zasintha! Zasi! Bwera, ndabwera!"

Poyamba kunali chete. Kenaka udzu unayamba kugwedezeka chapakati, pang'onopang'ono, kulunjika kumene kunali mawu.

"Zasi, bwera kuno. Bwera udzadye."

Anatuluka. Miyendo yakumbuyo inkakokeka, chibwano chili lende, thupi lonse matope. Anaima poyera n'kuyang'ana gulu la anthu ngati sakudziwa aliyense. Ndiye anamuona Edina. Mchira unagwedezeka kamodzi.

Mfuti inalira.

Edina sanakuwe. Anangokhala pansi pomwe anaimapo, n'kubisa nkhope m'maondo. Anamukonda galu ameneyu ndi mtima wake wonse, ndipo anamuitana yekha kuti adzafe.

A Maliro anagwira ntchito yawo atavala magolovesi, n'kulamula kuti thupi likwiriridwe dzenje lakuya. Atatha anasamba m'manja ndi sopo, n'kutembenukira kwa anthu.

"Funso lomaliza, ndipo munthu asachite manyazi. Kupatula kamwana kaja, alipo wina amene galuyu anamuluma, kapena kumukanda, kapena kumunyambita pabala?"

Anthu anapukusa mitu. A Masautso anati ayi. Mayi Maria anati iwo anangogwira ubweya basi.

Edina anaimirira pang'onopang'ono. Anapinda mkono wa juzi mpaka m'chigongono, n'kuutambasula.

Panali timabowo tiwiri. Tinali titauma kale, nkhanambo zitayamba kusupuka.

"Mwana iwe!" anafuula a Mwanjuma. "Kusitolo kuja osanena bwanji?"

A Maliro anagwira mkonowo n'kuuyang'anitsitsa. Nkhope yawo inasintha.

"Liti?"

"Sabata yatha."

"Unatsuka?"

"Ayi. Ndinangovala juzi."

A Maliro sanafunsenso. Anathamangira kunjinga yawo n'kuiliza ndi phazi limodzi.

"Kwera. Usatenge kanthu, usasinthe zovala. Gwira zolimba."

Njinga inalowa mumsewu wafumbi wopita kuchipatala ku Mitundu. Anadutsa chigafa chokhala ndi mabelo osasoka, anadutsa mphambano ya lole ija, anadutsa msuku. Pofika pamlatho pamene Zasintha ankamudikira, Edina anayang'ana pansi n'kuona madzi akuyenda. Kukhosi kwake kunali gwa, kouma. Mwina linali fumbi, mwina kulira.

Anatsinzina, n'kumeza malovu kuti aone ngati atsike.